Mapu Anapita kwa Wina

Zaka zitatu ndinkasamalira bambo wina wokalamba, mzungu wa mtundu wachipolishi, kunja kuno mumzinda wa South Bend, moti tauni yakwawo ndinkaidziwa kuposa boma lakwathu. Ndikamawapesa tsitsi ankayamba: mtsinje, mlatho, tchalitchi cha njerwa zofiira. Agogo awo ankagwadira mfumu ya Arasha. Bambowo anabadwa dziko lili m'manja mwa eni ake. Kenako anabwera Ajeremani n'kusintha dzina la tauni ndi la msewu uliwonse, Ajeremaniwo atachoka, Arasha anabweranso ndi chipani chawo. Nyumba inali yomweyo, zinkasintha ndi mbendera.

Akafika pa tsiku lomwe anawoloka mlathowo komaliza, ankaima n'kundiyang'ana. Ine, mwana woleredwa bwino, ndinkazolika. Kwathu munthu wamkulu sumupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi. Ndinkati akafuna adzanena okha.

Loweruka lina ndinapita ku chinkhoswe ku Indianapolis, ndipo mtsikana wina wakutchalitchi kwathu, wobwera kuchokera kumudzi chaka chomwecho, anandigwirira shifiti. Masiku awiri okha. Lolemba ndinapeza mapu a tauni ija, omwe ankakhala kumutu kwa bedi, palibe. Panangotsala msomali.

Ndinamuimbira foni.

"Asisi, anandipatsa okha," anatero. "Ndinangowafunsa kuti pamlathopo panachitika chani. Analira mpaka ndinachita mantha. Koma nkhani ya mchemwali wawo ija ndi yowawa, eti?"

"Eee, yowawa," ndinayankha.

Sindinkadziwa n'komwe kuti anali ndi mchemwali.

Nsanje inandigwira, sindibisa. Wochapa zofunda ndine, wowadula zikhadabo ndine, wopirira fungo la kabichi wawo wowawasa uja ndine. Wina wangofika dzulodzuloli, wakolola. Kutchalitchi ndinauza azimayi awiri kuti mwana uja alibe mwambo, ndipo pamene anavomereza mtima unakhalako pansi.

Lachiwiri ndinalimba mtima. Ndikuwapesa ndinati, "Bambo, pamlatho paja..."

Anandisisita dzanja. "Iwe ndakutopetsa mokwanira, mwana wanga. Zaka zitatu ndikulankhula, iwe maso ali pansi."

Ndinafuna kuwauza kuti kwathu maso akakhala pansi ndiye kuti makutu ali tcheru. Chingerezi chinandithawa, ndinangopitiriza kupesa.

Anamwalira chisanu chisanathe. Olamulira a tauni ija ndimawatchulabe mwandondomeko osaphonya, koma za mchemwali wawo sindidziwa. Mtsikana uja anasamukira ku Indianapolis, mapu anawapachika pabalaza. Timakumana komweko m'mashopu a ku Lafayette Road, timapatsana moni bwinobwino. Nditamufunsa angandiuze zonse. Sindinamufunsebe.