Chipewa cha Timu Yoluza

Timu imene ndimaichemerera sindinaisankhe ndine. Anaisankha mkazi wanga, ndipo nayenso sankadziwa kuti akusankha timu. Tsiku lina mvula itamupeza ku Parnell Street, kuno ku Dublin, alibe ambulera, analowa mu shopu ya kaunjika nkugula chipewa cha kapusi chobiriwira, chokhala ndi chilembo chimodzi pamphumi. Anachivala zaka zambiri popita ku ntchito yake yosamalira okalamba. Munthu akamufunsa tanthauzo la chilembocho, ankayankha kuti tanthauzo lake nloti tsitsi lisanyowe.

Anamwalira mu February, atangodwala pang'ono. Tinakamuika kwawo ku Dedza. Potsanzikana, apongozi anga anandigwira dzanja nkundikumbutsa za zovala. Kwawoko zovala za malemu zimagawidwa kwa abale, ndipo zisanagawidwe maliro amakhala ngati akadali pakhomo. Iwo anati savula chakuda mpaka zovala za mwana wawo zitafika. Ndinayankha kuti ndamva amayi. Ndinabwerera ku Coolock, dera lathu la mu Dublin, ndinapeza jekete lake lili kuseri kwa chitseko, chipewa chili pamwamba pake, kabati ya zovala ili chitsekere. Ndinazisiya momwemo.

Amene anapatsidwa ntchito yotenga zovalazo anali alamu anga, achimwene ake a malemu, omwe amakankha mabedi a odwala pa chipatala chachikulu cha m'dera la Dublin 8. Anali ndi ulendo wopita kumudzi kumayambiriro kwa October. Anandiuza zimenezi pa foni kamodzi kokha, ine nkuwayankha kuti October ali kutali. Kuchokera pamenepo ndinasiya kulandira anthu. Abambo mfumu a ku parishi anayesa, amayi ena a ku Zambia amene ankaimba kwaya ndi malemu anayesanso, onse ndinkawauza kuti ndili bwino, mwapepesa kale mokwanira. Dziko lino lili ndi ubwino umodzi kwa munthu wofuna kubisala: mlendo sangotulukira, amayamba waimba foni, ndipo foni imazimitsika.

M'mawa wina kukugwa mvula ndinavala chipewa chija popita kuntchito, ku nyumba yosungira katundu kumene ndimayendetsa kagalimoto konyamula mabokosi. Mnzanga wina wa ku Ireland konkuno, amene anakhalapo ku America, anachiyang'ana nkundipatsa pepani. Anati chimenecho ndi chipewa cha timu ya baseball, ndipo pa matimu onse a kumeneko ndinasankha yomvetsa chisoni. Ndinamufunsa kuti ligi yawo imayamba liti. Anati sabata yamawa.

Baseball ndi masewera a anthu osafulumira. Wina amaponya mpira, wina amayesa kuumenya ndi chibonga, otsalawo amaima apo ndi apo m'bwalo kutafuna chingamu ndi kulavula. Palibe wotchi yothetsa masewera. Munthu amene amaphonya kambiri kuposa mmene amakhozera amatchedwa katswiri, ndipo amalipidwa bwino. Zinandikomera. Popeza kumeneko amasewera ife kuno tili mtulo, ndinkaonera zojambulidwa ndikaweruka, ndikusamala tsiku lonse kuti ndisamve zotsatira. Anali maola angapo amene palibe ankandifunsa kuti ndikupeza bwanji.

Sindikudziwa anawatsina khutu ndani alamu anga. Ine ndi iwo tinali ndi chizolowezi chathu kuyambira kale pa nkhani za mpira wamiyendo: timu ya mmodzi ikagonja, winayo ankabwera kudzapepesa ndi nkhope ya pamaliro. Nchipongwe cha pachilamu, koma chili ndi malamulo ake, ndipo lamulo loyamba nloti wopepesa maliro saimba foni. Madzulo ena mu April, ndikungokhala pansi kuti ndiyatse wailesi ya kanema, ndinamva kugogoda. Analowa, anavula chisoti, anakhala m'mphepete mwa mpando, manja pamaondo, maso pansi. Kenaka anatsokomola.

"Alamu, tamva zimene zagwa pakhomo pano usiku wathawu. Pepani. Ndi njira ya tonse."

"Alamu, game imeneyo sindinaonere."

"Ndiye musavutike nayo. Anakukwapulani six-one."

Pepeso la mkazi wanga ndinkatha kulikana, koma ili sindikanatha. Munthu wokwiya ndi chipongwe cha mlamu wadziulula yekha kuti chamulowa. Ndinateleka tiyi, ndipo tinaonera limodzi masewera amene tonse tinkadziwa kale mathero ake. Iwo anati ameneyu ndi raundasi amene tinkasewera ku pulayimale, kungoti uyu akusewera ndi madoda a mimba zawo.

Pamene analakwitsa alamu anga mpoti ankaganiza kuti baseball ili ngati mpira wamiyendo, kamodzi pa sabata. Mawa lake timu inagonjanso, ndipo anabwera. Mkuja wake chimodzimodzi. Atakhala pansi ulendo umenewo anandifunsa ngati anthu amenewa alibe mabanja. Ndinawafotokozera kuti amasewera pafupifupi tsiku lililonse mpaka kumapeto kwa September. Kuchokera kuchipatala kwawo kufika kwanga ndi sitima ya mumzinda yotchedwa Luas kenaka basi, munthu ataima tsiku lonse. Ndinawakumbutsa kuti walira mvula walira matope. Anati mwambo ndi mwambo, sauyamba nkuusiyira panjira.

Timu yanga sinawachitire chifundo. Mu May woponya wathu wodalirika anavulala chigongono, ndipo amene analowa m'malo mwake ankaponya ngati akupatsira mwana lalanje. Mu June tinagonja m'njira zimene ngakhale owulutsa masewera anati sanazionepo. Mu July eni timu anataya mtima, nkugulitsa womenya wathu wabwino kwa timu yolemera, ngati mbuzi ya fizi. Ine zotsatira ndinasiya kuzimvera pa kanema. Ndikasuzumira pawindo nkuona alamu anga akutsika basi mutu uli pansi, ndinkadziwa kuti zavutanso. Tsiku limene anali pa ntchito ya madzulo ankabwera tsiku lotsatira nkupepesa maliro awiri pakamodzi.

Sankabwera chimanjamanja. Ankadzera kumsika wa ku Moore Street kugula mbatata kapena chinangwa, nthawi zina akazi awo ankawapatsira mandasi. Pofika pakati pa chaka anali atayamba kukangana ndi woyimbira, munthu amene anali kutsidya kwa nyanja ndipo anagamula nkhaniyo dzulo lake. Za zovala sanatchulepo ngakhale kamodzi. Koma nyumba yanga ndi yaing'ono, ndipo wokhala pa mpando wa alendo amayang'anizana ndi chitseko. Pakati pa masewera maso awo ankapita pa jekete lija nkukhalapo. Ine ndikaona zimenezo ndinkakweza mawu a kanema.

Mu August munachitika zachilendo. Timu inayamba kupambana, tsiku ndi tsiku, kupitirira sabata. Anyamata amene palibe ankawadziwa anayamba kumenya mipira yotulukira kunja kwa bwalo. Mnzanga wa kuntchito ankandimenya paphewa m'mawa uliwonse chifukwa cha masewera amene ndinaonera dzulo lake. Koma wopepesa sabwera pamene palibe maliro. Ndinkaweruka, nkukhala pansi, nkumvetsera chitseko, ndipo kukakhala zii ndinkadziwa kuti tapambananso. Ndinasungulumwa kwambiri sabata imeneyo, kuposa mmene ndinasungulumwira mu February. Madzulo ena ndinadzipeza ndikupempherera woponya wa timu inayo. Tsiku limene anatikwapula bwinobwino, madzi a tiyi anali atawira kale alamu asanagogode.

September anatha monga mmene aliyense ankayembekezera. Matimu ena ankakonzekera kulimbirana chikho, ife tinali pansi penipeni, tanyamula anzathu onse pamutu. Masewera otsiriza anali Lamulungu, pa nthawi yoti ngakhale ife kuno tikanatha kuonera akuchitika. Alamu anga anafika asanayambe, zimene sanachitepo. Anali ndi sutikesi yaikulu, ndipo mmene anainyamulira ndi zala ziwiri ndinadziwa kuti munalibe kanthu. Anaiika pafupi ndi chitseko, pansi pa jekete, nkukhala pa mpando wawo. Ulendo wawo unali wa sabata yomweyo.

Tinapambana. Bwalo linali ndi mipando yambiri yopanda anthu, ndipo kupambanako kunalibe phindu kwa wina aliyense. Osewera anakumbatirana, ena anaponyera ana magolovesi ndi zipewa zawo, kenaka analongedza zikwama nkulowa mkati. Kanema anayamba kutsatsa malonda a matayala. Ndinazimitsa. Alamu anga anati lero alibe chopepesa, ndipo ndinavomereza kuti nzoona.

"Amayi akadali ndi chakuda chija," anatero. "Kwayamba kutentha kumudzi."

Ndinadzuka nkukatsegula kabati. Fungo la mafuta amene malemu ankadzola linali momwemo, silinapite kulikonse, ndipo ndinayamba ndakhala pa bedi. Kenaka tinayamba kupinda. Alamu anga sadziwa kupinda diresi, amaipinda ngati nsalu ya pa bedi la kuchipatala, choncho ine ndinkapinda iwo nkumaika. Atafika pa chitenje chimene mlongo wawo anavala pa ukwati wa alamuwo, anachigwira kumaso nkulira osatulutsa mawu. Ndinawasiya alire, inenso ndinali ndi ntchito yomweyo.

Kabati itatsala mahang'ala okhaokha, ndinapita kuchitseko. Ndinachotsa jekete nkuliika pamwamba pa zonse, kenaka chipewa. Ndinaganiza kuti ngati nkupereka, ndipereke zonse, apongozi asadzamve kuti china chinatsala. Alamu anga anagwada kuti atseke zipi, anaima kaye, nkutulutsa chipewacho. Anachiyang'ana mbali zonse ngati munthu wogula nkhuku.

"Ichi ayi. Kumudzi mavuto alipo kale okwanira, sindingawatengerenso timu imeneyi."

Anachikoleka pa msomali pomwe chinali. Akuvala chisoti chawo anafunsa kuti anthu amenewa ayambanso liti, ndipo ndinati kumapeto kwa March. Anapukusa mutu, nkunena kuti ndiye kuti akabwerako kumudzi azingobwera popanda chifukwa mpaka March, ine ndisadabwe. Ndinawauza kuti tiyi alipo.

Sutikesi inali italemera, choncho ndinawaperekeza pa malo okwerera basi, aliyense atagwira mbali yake. Kunja kunkagwa kamvula kathu ka masiku onse, kopanda chiyambi kapena mathero. Ndinali nditavala chipewa chija. Basi itanyamuka ndinabwerera pang'onopang'ono, ndipo nditafika m'nyumba ndinapeza kuti tsitsi silinanyowe.