Bokosi la Gemu Lopanda Chitseko

Ndimakumbukirabe sikuludiraiva yaifupi ya chigwiriro chofiira, yong'aluka mbali imodzi. Amalume anachita kuidula kuti izitha kutembenuka pamalo opanikizika. Chilimwe chimene ndinali Sitandade 5, inkakhala m'thumba la diresi langa masiku ambiri kuposa pensulo.

Ndinapita kukakhala kwa amalume kuboda chifukwa cha sukulu. Kwathu ku Mlonyeni sukulu inali kutali, ndiye bambo atamwalira amayi anati ndikakhale kwa alongo awo, kumene belu limamveka munthu uli pakhonde. Amalume anali kalipentala wa mabokosi a maliro. Shedi yawo inali m'mbali mwa msewu, pamene malole ankandandalika podikira mapepala olowera ku Zambia. Madalaivala ankatha masiku awiri kapena atatu akungoyasamula pansi pa malole, ndipo amalume zinkawapweteka kuona anthu ambiri chonchi akusowa pomwazira makobidi awo.

Tsiku lina dalaivala wina anawabweretsera kompyuta yakale kuchokera ku Chipata, yoikidwa kale magemu a nkhonya. Anawajambulira papepala chibokosi choimirira chimene anachiona ku Joni, sikirini kumtunda, mabatani cha pamimba. Amalume anachipanga sabata imodzi. Ntchito ya matabwa ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Anakhazika sikirini pashelefu, anaboola malo a mabatani, ndodo yoseweretsa anaiveka mutu wa giya ya lole. Kenako anapaka guluu n'kukhoma kumbuyo ndi misomali yothinana, monga ankachitira masiku onse, poti kwa iwo bokosi labwino linali losasiya mpata ngakhale wa nyerere. Wolemba zikwangwani anajambula amuna a zibakera mbali zonse, ndi kumbuyo komwe.

M'munsi anasiya kachibowo, poganiza kuti zam'kati mwa kompyuta, zimene anazichotsa m'chitini chake, adzazilowetsa ndi dzanja. Penti atauma anayesa, koma dzanja silinafike pathabwa lomangirira. Anayesa kulowetsa mutu, mapewa anakana.

"Penti ameneyu sitingamuwononge," anatero. Anandiyang'ana m'mapewa nthawi yaitali. "Tabwera kuno, mphwanga."

Ndinkalowa chagada, mutu patsogolo, kenako n'kudzipinda mpaka kukhala chonjuta, maondo akugunda chibwano. M'kati munkanunkha guluu ndi utuchi. Tochi ndinkailuma pakamwa, malovu akutsikira m'khosi, mawu a amalume akubwera modutsa m'thabwa. Bolodi lobiriwira la kompyutayo ndinalimanga ndekha, ndikuika kachidutswa ka bolopeni pansi pa sikuluu iliyonse kuti lisakhudze thabwa. Hadi disiki, kabokosi kosunga magemu, ndinaimanga ndi mphira za chubu cha njinga. Kabokosi ka magetsi kokhala ndi fani ndinakakhomera pakona, mawaya a mabatani ndikuwalumikiza mmodzimmodzi ku kiyibodi yophwasula. Pamwamba pa mutu wanga panali msana wa sikirini. "Pamenepo usakhudze," ankatero amalume tsiku lililonse, "pamapha."

Tsiku limene sikirini inayaka, madalaivala anandinyamula m'mwamba n'kunditcha injiniya. Ndivomere, ndinasangalala kwambiri. Mwana wamasiye satamandidwa kawirikawiri, ndipo ine ndinameza zonsezo osatafuna.

Mavuto anayamba sabata yomweyo. Dalaivala akamagonja samagonja mwaulemu, amagwedeza bokosi lonse. Akatero kachidutswa kena kakatali kotchedwa memori kankakhwefuka, sikirini n'kuda, m'kati n'kumangolira pii, pii. Dzuwa la Okutobala nalo linkawotcha malata a shedi, ndipo poti bokosilo linalibe popumira, kompyuta ikatenthedwa inkazima yokha. Zonsezi mankhwala ake anali ine. Ndinkalowa, kukanikiza memori ndi zala ziwiri mpaka imveke kuti thwa, kenako n'kukupiza bolodi ndi chikuto cha kope la masamu mpaka lizizire.

Poyamba ndinkachita zimenezi ndikaweruka. Kenako anayamba kudzanditenga pa buleki. Kenako zinangokhala zoti, "Lero usapite, kwabwera malole ambiri." Malole sanachepe. Ndinkakhala pa chitsa pafupi ndi bokosilo kudikira kuti lizime, ndipo nthawi zambiri belu la kusukulu linkandipeza ndili m'kati, thukuta likulowa m'maso. Ndinkamva anzanga akulakatula matebulo a masamu chapatali, ine ndikuwatsatira chamumtima tochi ili pakamwa. Ndikakumbutsa za mayeso otsiriza chaka, amalume ankayankha osadzutsa mutu: "Akadali kutali amenewo. Udzapita."

Amayi anabwera kamodzi, atasenza kathumba ka mtedza. Anapeza mapazi anga okha ali panja. Nditatuluka ndinawakokera kuseri kwa shedi n'kuwauza kuti ndikufuna kusukulu. Anandichotsa utuchi m'tsitsi pang'onopang'ono, osandiyang'ana kumaso.

"Amalume ako ndiwo eni mbumba," anatero. "Ine ndingawauze chiyani? Uziwamvera."

Ndinawakwiyira zedi, moti potsanzikana sindinawaperekeze ngakhale pamsewu. Lero ndili ndi ana anga, ndimadziwa mmene mawu amauma pakhosi pa mkazi wamasiye amene alongo ake ndiwo amamugulira feteleza. Komabe sindinganame kuti ndinawakhululukira msanga.

Mtedza uja ndinautafuna wonse ndekha m'masiku anayi. Nzeru yanga inali yoti ndinenepe, ndisakwanenso pachibowo. Ndinangotsegula m'mimba, thupi osasuntha, ndipo lakana kunenepa mpaka pano.

Lolemba lina la mu Novembala kunja kunali chifundi, mitambo itaunjikana koma mvula osagwa. Ndinalowa kukakanikiza memori, gemu n'kuyaka. Pofuna kutsetsereka kuti ndituluke, diresi linakodwa pa nsonga ya msomali kumbuyo, pakati penipeni pa mapewa. Dzanja silinkafika. Ndikafuna kukwera m'mwamba kuti limasuke, tsitsi linkayandikira paja pamapha. Ndinaitana, koma dalaivala anali atayamba kale kumenya mabatani, sipika ikuphokosera pakhutu panga. Mpweya wa fani unkandipsereza tsaya. Mwendo wamanzere unachita dzanzi, kenako wamanja. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinasiya kuitana, ndinkangoyang'ana timizere ta kuwala tolowera m'mabowo a mabatani.

Gemu itatha ndinamva mawu odziwika. Anali aphunzitsi athu.

"Mwana uja ali kuti, bambo? Mayeso tamaliza Lachisanu, iye sanaoneke."

"Akudwaladwala, aphunzitsi," anatero amalume.

Lachisanu. Mayeso anali atandidutsa. Ndinayamba kumenya thabwa ndi chigongono, ndikulira mokweza ngati kamwana, osasamalanso za madalaivala.

"Zimitsani chinthuchi," anatero aphunzitsi, motsitsa mawu. "Mutulutseni."

Amalume anapisa dzanja pachibowo n'kundikoka mwendo, msomali n'kundikanda msana, ine kukuwa. Pamenepo anandiuza kuti ndiweramire kutsogolo ndithu. Ndinamva akuboola kumbuyo, kenako sowo ikudya thabwa pafupi ndi khutu langa, utuchi ukugwera m'khosi. Chidutswa chinagwera kunja, kuwala ndi mphepo n'kulowa nthawi imodzi. Aphunzitsi ndiwo anamasula diresi n'kundinyamula m'khwapa, poti miyendo inali isakugwira pansi.

Anandikhazika pa benchi n'kundiuza mosabisa kuti ndibwereza Sitandade 5. Kwa amalume sananene zambiri. Anangoti, "Januwale ndimuone m'kalasi, apo ayi ndibweranso," n'kukwera njinga yawo.

Amalume sanandiyang'ane. Anatola chidutswa chija, anachipala m'mbali, anachiika mahinjesi awiri ndi kaloko. Ntchito yonse, kuyambira kudula mpaka kukhoma, siinatenge nthawi yoposa yowiritsa tiyi. Munthu wojambulidwa kumbuyo uja anaduka pakhosi, koma chitseko chikatsekedwa mutu unkabwerera pamalo pake, ndipo palibe dalaivala amene anadandaula.

Misozi itauma ndinapita kukachiyesa. Ndinatsegula, kutseka, kutsegulanso. Sichinkalira ngakhale pang'ono. Ndinaona amalume akupisa dzanja ali chiimire, n'kukhudza memori mosavutikira, ndipo mtima wanga unadzaza ndi kunyadira kuti m'boda monse munalibe kalipentala wowaposa.

"Mwakhoza, amalume," ndinatero, ndikuwomba m'manja.

Iwo anangoyang'ana pansi. Ine ndinaganiza kuti ndi manyazi a munthu woyamikiridwa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinali ndisanadziwe kufunsa kuti, ngati chitseko chinali chapafupi chonchi, nanga chaka changa chinapitiranji.