Mzungu wa pakhoma la Ba Tembo

Ndikukumbukira ndili mtsikana wa zaka khumi m'komboni ya Matero, nthawi imene ndege za ku Rodeshiya zinkabwera kudzaponya mabomba. Masiku amenewo tinkakayikirana tonse. Mlendo akangofunsa njira kawiri, tinkati ndi kazitape basi.

Pafupi nafe pankakhala Ba Tembo, mkulu wosoka nsapato, wosakonda macheza. Tsiku lina amayi anandituma kukatenga nsapato zawo, koma ndinapeza asanamalize kusoka. Ndikudikira, ndinasuzumira m'nyumba. Pakhoma, pamene ife tinkapachika chithunzi cha Pulezidenti, iwo anapachika chithunzi chakale cha mzungu, mkulu wa asilikali, mamendulo ali mbwee pachifuwa.

Pakamwa panga sipankagona nkhani. Ndinakaitula pampopi, nditathirako ndi mchere. Pofika mawa lake, anthu ankati Ba Tembo ali ndi wailesi yolankhulira ndi adani pansi pa bedi.

Masana anabwera tcheyamani wa chipani ndi anyamata onyamula ndodo. Tonse tinkadziwa kuti kazitape amamenyedwa n'kuthamangitsidwa m'komboni. Ine ndinaima kutsogolo, ndikudzimva ngwazi.

"Ba Tembo, uyu muzungu ni ndani?" anafunsa tcheyamani.

"Anali mukulu wathu ku nkhondo ya ku Bama. Apa ni siku yamene nkhondo inasila."

Mnyamata wina sanadikire zambiri. Anatsomphola chithunzicho n'kuching'ambang'amba. Ba Tembo anagwada, nkhope ya mzunguyo osaiyang'ana n'komwe, natola kachidutswa ka m'mphepete. Panali msilikali wakuda ataima kumbuyo, amene ine sindinamuone dzulo lake.

"Uyu ni mung'ono wanga Yohane," anatero. "Anafera mu sitima pobwela. Pikicha yake ina nilibe."

Mng'ambo unali utadutsa pankhope ya Yohane penipeni.

Tcheyamani anatsokomola, nafunsa khadi la chipani, ataliona anachoka. Za wailesi sanafunsenso. Anthu atabalalika, Ba Tembo anandiitana. Ndinapita ndikuyembekezera chikwapu, poti ankadziwa amene anasuzumira.

"Tenga nsapato za amai ako, zasila."

Akanandikwapula, bwenzi manyazi anga atatha tsiku lomwelo. Ndili nawo mpaka lero. Ndinangoona chimene chinali pakati pa chithunzi, n'kuthamanga nacho kumpopi, osafunsa mwini khoma chimene iwo ankayang'ana. Yohane nkhondo inamusiyira nkhope yathunthu. Amene anaing'amba ndine, ndi pakamwa.