Ukabwere ndi Makolo Ako

Ndinanyamuka pa Namitete 6 koloko m'mawa, tayi pakhosi, satifiketi ya digiri mu envulopu. Ndinkapita ku Lilongwe kukafunsa za maphunziro a masitazi ophunzitsira ana ovutika mumtima, aja amangolira kapena kulusa m'kalasi popanda wowaputa. Ndisaname, chinkandikoka ine n'kukwezedwa pantchito basi.

Mu minibasi kondakitala anati K3,000, n'kutipanikiza anayianayi, nkhuku ya eni ikundijompha nsapato yopolisha.

Pa Msundwe panakwera mayi wina, n'kukhala pambali panga.

"Aphunzitsi eti? Ine ndine azakhali ake a Tadala."

Tadala! Mtsikana wa Sitandade 6 yemwe ankabisala pansi pa desiki, ukamukoka n'kukuluma. Tsiku lina nditatopa naye ndinamuthamangitsa monga timachitira tonse: "Choka, ukabwere ndi makolo ako!" Sanabwerenso, ine n'kuti ndapuma.

"Ali bwanji?" ndinafunsa.

"Alipo. Anakwatiwa, ana awiri." Anakonza chitenje. "Tsiku lija tinamusaka mpaka dzuwa kupendeka. Tinakamupeza kumanda, mwana wamkazi yekhayekha. Paja amayi ake tinali titangowaika kumene, abambo ake anatsogola chaka cham'mbuyo mwake. Akuti aphunzitsi anena ndibwere nawo."

Anayankhula mosakwiya n'komwe. Bola akanandilalatira.

Pa Mpingu anagula chimanga chootcha pawindo, n'kundibenthulira. Ndinalandira ndi manja awiri. Tayi ija ndinaivula. Anatsika pa Chitedze akuti, "Muyende bwino, aphunzitsi. Mulungu azikudalitsani pantchito yanu." Manyazi ake, abale inu, ndinkalakalaka nditalowa pansi pa mpando.

Cha m'ma 9 koloko ndinali mu ofesi ya pakoleji. Mayi wa mu ofesimo anandiyalira njira zake: kusiya ntchito zaka ziwiri n'kumagonera konko, kubwera nthawi ya holide yokha, kapena kuphunzira uli kwanu n'kumatumiza zolemba. Ndinanyamuka kwathu ndikufuna yoyambayo, yothawa choko. Ndinasankha ya holide, kuti zomwe ndaphunzira ndizikazipeza m'kalasi sukulu ikatsegulira.

"Munaphunzitsapo mwana wovutika mumtima?" anafunsa, cholembera chili m'manja.

"Mmodzi."

"Munamuthandiza bwanji?"

Ndinayang'ana pansi. "Ndinamuthamangitsa, mayi."

Analemba momwemo.

Pobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo mpaka pa Namitete. Zaka zonsezi ndakhala ndikuitana mayina m'kaundula m'mawa uliwonse, koma sindinafunsepo mwana ndi mmodzi yemwe kuti kunyumba watsala ndi ndani.