Mitundu Yotsutsana pa Khonde la ku Rugare

Ndikamva fungo la penti ndi palafini, ndimaona agogo aamuna atakhala pa chitini kuseri kwa nyumba yathu ku Rugare, akutsuka maburashi awo, uku sitima ya katundu ikudutsa n'kumanjenjemeretsa mawindo. Anagwira ntchito yopenta zikwangwani za njanji mpaka kupuma, koma maburashiwo sanawataye, ndipo ukangokhudza imodzi ankakukalipira mpaka madzulo.

Ine changa chinali khonde. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo Loweruka lililonse ndinkagwada ndi polishi wofiira n'kulipukuta mpaka kumadziona nkhope. Masitepe onse atatu ankanyezimira, ine matama thoo. Koma agogo aakazi, aNabanda, anali ndi ng'ala m'maso. M'mawa wina akupita kumpopi anaponda pomwe panalibe sitepe, n'kugwa ndi ketulo yomwe, bondo n'kutupa ngati dzungu.

Lachitatu lake kunabwera azakhali anga aRozina, mwana wawo woyamba, kuchokera ku Warren Park.

"Bambo, Sande ndibwera ndi mota kudzawatenga mayi. Masitepewa atiphera munthu," anatero azakhali.

Agogo aakazi anangogwiritsitsa mpando umene anakhalapo. M'nyumba imeneyo analereramo ana awo onse, ndipo sankafuna kukakhala mlendo kwa mkamwini.

"Wati Sande? Chabwino," anatero agogo aamuna.

Kutacha anatulutsa zitini zakale ndi zidutswa za matabwa, n'kupaka mitundu iwiriiwiri pa thabwa lililonse. Anakhazika agogo aakazi pakhomo, iwo n'kukaima pageti.

"ANabanda, mukuona mitundu ingati?" Ananyamula la wofiira ndi wakhofi.

"Umodzi."

Ananyamula la wobiriwira ndi wabuluu.

"Umodzi womwewo. Musanditopetse, inu."

Kenako ananyamula la wachikasu ndi wakuda. Agogo aakazi anaweramira kutsogolo, n'kuloza ndi chala. "Iwiri! Pali mzere pakati."

"Eya, imeneyo ndiye mitundu yotsutsana," anatero agogo aamuna.

Ine ndi pakamwa panga posatsekapo ndinalowerera, ndati mitundu yonse ndi yosiyana, nanga chachilendo n'chiyani?

"Esinati, kusiyana n'kwina, kutsutsana n'kwina. Wofiira ndi wakhofi ndi yosiyana, koma imabisana. Yotsutsana ndi imene ukaiika pamodzi, malire ake amaoneka uli kutali, kaya kuli fumbi kaya nkhungu. Woyendetsa sitima alibe nthawi yoyang'anitsitsa."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Sindinadziwe kuti akunena za khonde langa. Masana omwewo anagwada ndi chitsulo n'kuyamba kupala polishi yense, zaka zanga ziwiri za thukuta. Ndinalira ndi ukali.

"Sekuru, anthu atiseka!" ndinatero kwa agogo aamuna.

"Aseke. Mano ndi awo."

Masiku atatu anakwawa ndi mawondo awo okalambawo, osalola munthu kuwathandiza. M'mphepete mwa sitepe iliyonse anapaka mzere wachikasu, pansi pake wakuda. Mafelemu a zitseko anawayeretsa, chogwirira cha ketulo chinakhala chachikasu, ndipo mpopi anaupaka mizeremizere ngati mbidzi. Amayi oyandikana nafe ankasuzumira pampanda n'kumafunsa ngati tayamba kugulitsa matikiti a ku Bulawayo. Ine manyazi anandigwira moti ndinakana ngakhale kutumidwa buledi.

Lamlungu azakhali anafika potuluka kutchalitchi, galimoto yobwereka itaima pageti.

"Shuwa bambo, nyumba mwaisandutsa siteshoni?"

Agogo aakazi anadzuka, natenga ketulo. Ndinathamanga kuti ndiwagwire mkono, koma dzanja lonunkha palafini linandigwira phewa.

"Asiye."

Agogo aamuna sanachotse maso pa masitepe, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti nawonso akuopa. Agogo aakazi anaima pakhonde akuyang'ana pansi, n'kutsitsa phazi pang'onopang'ono, sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Anayenda mpaka kumpopi, anatunga madzi, nabwerera kukwera okha, bondo likuwawa koma osatayako ngakhale dontho. Atafika pakhomo anatembenukira mwana wawo.

"Rozina mwanangu, ngati ndi siteshoni, lero palibe wokwera. Ukumwa tiyi?"

Azakhali anaseka misozi ili mbwembwembwe, ndipo galimoto ija inabwerera yopanda agogo. Agogo aakazi anakhala m'nyumba mwawo zaka zina zisanu ndi ziwiri, mpaka kumwalirira pabedi pawo.

Mpaka lero zimandichititsa manyazi kuti ndinalirira polishi kuposa mmene ndinalirira bondo la agogo. Tsopano m'nyumba ija mumakhala bambo anga okha, ndipo maso awo nawonso ayamba kuchita mdima. Alongo anga ayamba kale kukambirana pa foni kuti bambo akakhale kwa ndani, osawafunsa eni ake. Ndawayankha kuti aliyense asunge galimoto yake. Bambo sachoka m'nyumba mwawo ine ndisanayese.