Kukunkha kwa pa Kalendariyo

Mwana wanga wabwera ndi kalendariyo kuchokera ku Fingoe, wapachika pakhoma. Pali chithunzi cha azimayi a ku Fransa akukunkha tirigu. Akuti n'chokongola. Chokongola chiyani? Wojambulayo anali atakhuta, ameneyo!

Ine ndinakunkhapo, musandiuze. Tinalipo atatu tsikulo: amayi, azakhali ndi ine, m'munda wa eni ku Malowera, chaka cha njala. Dothi linkawotcha mapazi, ife tikufukula ndi zala nsawa zotsalira. Kunjira kunatulukira makolo a mnyamata amene ankafunsira mlongo wanga. Ine ndi ulemu wanga ndinaimirira kuti ndiwapatse moni. Amayi anandikoka khutu mpaka mphuno inagunda dothi.

“Werama, galu iwe! Akationa nkhope, mlongo wako sakwatiwa.”