Masamba Opanda Maliro pa Msewu wa ku Chiringa

Mpaka lero fungo la petulo limandibwezera ku nyengo ya nandolo, chaka chimene ndinali mu Sitandade 6. Petuloyo ankamugulitsa m'mabotolo pansi pa mtengo wa mango pa Chiringa, ndipo fungo lake linkasakanikirana ndi fumbi komanso mankhusu a nandolo amene amayi ankapeta pakhomo. Dzuwa linkaswa mtengo, phiri la Michesi litabisala mu utsi wa tchire lopsa. Msewu wochokera kwathu ku Nazombe unkangolira njinga zamoto kuyambira m'mawa, iliyonse itasenza matumba mpaka woyendetsa kukhalira pa thanki.

Mmodzi mwa oyendetsawo anali mchimwene wathu Lasitoni. Anasiya sukulu ali Fomu 2 n'kuyamba kabaza pa njinga ya bwana wina wogula nandolo. Foni ndiye linali khasu lake. Ukachedwa kuyankha, kasitomala ankaimbira mnzako, choncho anyamata onse ankathamanga foni ataipanikiza pakati pa khutu ndi phewa. Ine ndinkayesa ndi ukatswiri. Akandikweza, ndinkamugwira m'chiuno monyada kuti mchimwene wanga amayendetsa dzanja limodzi.

Mchemwali wanga Felesiya, wa Fomu 3, sankaona choncho. Mnzake wa ponda apa m'pondepo, Patuma, mwana wa atelala a pa Chiringa, anagundidwa ndi mnyamata wa kabaza amene ankawerenga uthenga pa foni, mwendo n'kuthyoka pawiri. Felesiya anasonkhanitsa anzake a kusukulu, atsikana ndi anyamata omwe, n'kumapita pa siteji ya kabaza tsiku la msika. Ankaimba, ankachita sewero, ankachonderera kuti foni ikalira aziyamba aima. Akabaza ankangoseka chikhakhali, uku akuwajambula ndi mafoni omwewo. Kunyumba Lasitoni anamupatsa dzina loti a Tirafiki.

"Achimwene, foni imeneyi idzakupwetekani," anatero Felesiya tsiku lina akumutsirira madzi osamba m'manja.

"Ndikaizimitsa, fizi yakoyo alipira ndani?" anayankha Lasitoni.

Koma Felesiya anali wamakani ngati amayi. Iye ndi anzake anazindikira kuti pali malo amodzi okha pamene wakabaza aliyense amachepetsa liwiro n'kubisa foni m'thumba: pamene ayala masamba pamsewu. Kwathu pakagwa maliro, amathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu uku ndi uku, kuti odutsa apereke ulemu. Wa njinga yakapalasa amatsika, wa chipewa amavula. Ndiye anawo anayamba kuthyola nthambi za mango n'kumaziyala pakona ya pafupi ndi mlatho, pamene Patuma anagundidwira.

Masiku oyamba zinatheka. Njinga zinkafika pakonapo zikuyenda ngati nkhono, anyamata atagwira zipewa m'manja. Felesiya ankabwera kunyumba akumwetulira, manja akununkha utomoni. Kenaka amayi ena a kutsidya anatulukira ndi mbale za ufa ndi nkhuni pamutu, akufunsa kuti watisiya ndani. Nkhani inaulula yokha. Amayi athu anakalipa mpaka Chichewa chinawathera, n'kupitiriza m'Chilomwe. Ankati kuyala masamba popanda wakufa ndi malodza, n'kuitana imfa ili m'tulo. Amalume anamukhazika pansi Felesiya n'kumuletsa, koma anzake ena anapitirizabe pamalo ena. Akabaza, pokwiya kuti anawapusitsa ana asukulu, anayamba kuponda masamba alionse dala, hutala ikulira.

Chakumapeto kwa nyengoyo kunamwalira agogo ena m'mudzi wa m'mbali mwa msewu, ndipo eni maliro anayala masamba monga mwa mwambo. Lasitoni anatulukira pamenepo masana, matumba atatu kumbuyo, bwana wake ali pa foni kumufulumiza kuti lole ikunyamuka. Sanachepetse liwiro. Kuseri kwa kona anangokumana ndi azimayi ali pamzere akuwoloka ndi zidebe za madzi a kumaliro. Pofuna kuwazinda anakaomba mtengo wa bulugamu. Anamwalira m'njira akupita naye kuchipatala.

Chimene ndimakumbukira ndi nandolo atamwazika msewu wonse, nkhuku zikutola, ndi foni yosweka galasi imene anthu anaibweretsa kunyumba ikuyakabe. Tsiku lotsatira masamba anayalidwa pakhomo pathu. Ndinalira mpaka mawu anatha, chifukwa Lasitoni ndiye ankandibweretsera mandasi, ndiye ankanditcha mayi wamng'ono.

M'nyumba ya siwa, Felesiya atakwawa kuti akhale pafupi ndi amayi, iwo sanamukalipire. Anangosuntha mwendo n'kunena chapansipansi kuti, "Unkaitana alendo, abwera. Kaphike." Felesiya anatuluka osalira. Maliro atatha, amalume anapita naye kwa azakhali kufupi ndi Fort Lister kuti mitima iyambe yazizira. Sukulu anasiyira pomwepo, ndipo kwathu sanabwererenso kudzakhala.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira zimene mudzi wonse unkanena, kuti Felesiya anamupha mchimwene wake ndi nthambi za mango. Ndinkaopa ngakhale kugona pa mphasa yake. Lero ndine mayi, ndipo ndikakwera kabaza ndimayang'ana phewa la woyendetsa. Ndikudziwa tsopano kuti bwana amene ankaimba uja anadzakhala pa mpando kumaliro, anthu akumuthokoza chifukwa cha bokosi. Tonse tinkadya za foni ija, ndipo tonse tinkaona mmene Lasitoni ankayendetsera. Munthu mmodzi yekha ndiye anachita mantha mokwanira mpaka kuyesa kumuimitsa, ndipo ndi yemweyo amene tinamuchotsa pakhomo.